Tisanaike wa lendi m'chipinda chapansi tiyambe taona madzi, mpweya ndi potulukira

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa kadanga kano. Ndalemba chifukwa cha nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kwa miyezi ingapo tsopano ndipo ndaona kuti sindili ndekha, anthu ambiri amene nyumba zawo zili ndi chipinda chapansi, chija chimalowa m'nthaka ena amangoti besimenti, akumaganiza zochikonza kuti chikhale kanyumba ka lendi. Maganizowo ndi abwino ndipo inenso ndi amene ndili nawo. Malo alipo kale, makoma alipo kale, pamwamba pake pali nyumba kale nde munthu umaona ngati changotsala penti, matailosi ndi chitseko basi mwezi wamawa wa lendi alowe. Inenso ndimmene ndinkawerengera. Koma nditayamba kufunsa ndi kuyeza ndapeza kuti penti ndi matailosi ndi zinthu zakumapeto kwenikweni, ndipo amene wayambira pamenepo akuika pachiswe moyo wa mwana wa eni ake amene adzagone mmenemo.

Chipinda chathu chili chonchi, nyumba inamangidwa pamalo otsetsereka nde mbali zitatu za chipindacho zili m'dothi, mbali imodzi yokha ndi imene imaona kunja ndipo ili ndi kazenera kakang'ono m'mwamba koti olo mwana sangatulukirepo. Zaka zonsezi timangosungamo makatoni, mipando yothyoka ndi zitsulo zakale, tikalowamo timamva kafungo kena kake koma timangoti ndi fungo la katundu wokhalitsa. Ndinaitana mmisiri wina kuti adzaone, anazungulira mwina mphindi khumi, kugogoda khoma apa ndi apo, nkunena kuti masabata awiri ntchito yatha, tiika pulasitala watsopano, penti yoletsa madzi, matailosi, toileti pakona apo. Ndinamulozera zoyerayera zimene zinatuluka m'munsi mwa khoma, iye anati aaa zimenezo tipala ndi bulashi ya waya sizovuta. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Anandiletsa ndi achimwene anga aakulu amene agwira ntchito ya zomangamanga zaka zambiri, anati achimwene musagule olo thumba limodzi la simenti musanadziwe kumene madziwo akuchokera. Zoyerazo eti ndi mchere umene madzi amautenga akamadutsa mu simenti ndi m'njerwa, madziwo akauma mcherewo umatsala pakhoma, nde ukapala lero mvula ikagwa ubwereranso chifukwa njira ya madziyo ikadalipo.

Anandiphunzitsa kayezedwe kosavuta kamene aliyense angachite yekha. Mumadula pepala la pulasitiki la masentimita ngati 45 mbali zonse, nkulimata pansi pa simenti ndi selotepi yolimba mbali zonse zinayi osasiya mpata, nkulisiya maola 16 kapena tsiku lathunthu. Mukamatula nkupeza kunsi kwa pepalalo kwanyowa kapena simenti yada, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera m'nthaka. Madontho akakhala pamwamba pa pepalalo ndiye kuti vuto ndi mpweya wa m'chipindamo umene uli ndi chinyezi chambiri nkumachita thukuta ukakhudza simenti yozizira. Ndi matenda awiri osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Ine ndinamata malo anayi, atatu ananyowa kunsi.

Apa ndipamene ndinamvetsa kuti madzi saiwala khwawa. Dothi limene lazungulira makoma aja likakhuta mvula limakankha madzi kukhoma usana ndi usiku, ndipo mukapita pansi kukankhako kumakulanso, nde penti yopaka mkati imangogwira kanthawi kenako nkuyamba kutupa nkumasupuka. Ntchito yeniyeni ili kunja. Madzi onse a padenga akuyenera kugwera m'magatala nkutsika ndi paipi imene ikawataye kutali ndi maziko, osati kumangokhuthukira m'mphepete mwa khoma ngati mmene zinalili kwathu, tinali ndi paipi imodzi imene imathera pakona penipeni pa chipindacho ndipo pakona pamenepo ndipamene mchere uja unachulukira. Nthaka ya m'mbali mwa nyumba ikuyenera kutsetserekera kunja, masentimita 15 pa mamita atatu oyambirira ndi muyezo umene omanga ambiri amatsatira. Ngati zimenezi sizinakwanire pamafunika kukumba m'mbali mwa khoma mpaka pa maziko, kupaka phula kapena kumata chinsalu choletsa madzi kunja kwa khomalo, nkuyala paipi yobowolabowola m'miyala yaing'ono kuti izitolera madzi nkuwatengera kumunsi. Ndi ntchito yotopetsa, yadothi, ndipo ikatha palibe chooneka chimene ungaonetse mlendo, nchifukwa chake anthu timaidumpha. Pamalo pamene madzi alibe kotsetserekera amakumba kadzenje mkati nkuikamo pampu yoyaka yokha madzi akakwera, koma mukumbukire kuti mvula yamkuntho ndi imenenso imakonda kuzimitsa magetsi nde pampu yopanda batire imakusiyani pa ola limene mukuifuna kwambiri.

Ndipo chonde musatseke makoma ndi mabolodi musanaone chipindacho chitadutsa nyengo yonse ya mvula chili chouma. Chinyezi chikatsekeredwa kuseri kwa bolodi chimabala chuku chimene simuchiona koma wa lendi wanu akuchipuma tsiku ndi tsiku, zovala zake kununkha, matiresi kuda kunsi, mwana wake kumangotsokomola, ndipo kwa munthu wa mphumu ndi zoopsa ndithu. Chinyezi cha mumpweya chikamapitirira 60 peresenti chuku chimakondwa, timakina toyezera chinyezi timapezeka ndipo sitovuta kuwerenga.

Ena anena kuti ndikukokomeza, chinyezi sichipha munthu. Nde tamvani izi a Mkonzi. Usiku wa pa 1 September 2021 mvula yotsalira ya namondwe wa Ida inagwa mu mzinda wa New York, ku Central Park, paki yaikulu ya mumzindawo, inakwana mamilimita 80 mu ola limodzi lokha. Anthu 13 anafa mu mzindawo ndipo 11 mwa iwo anafera m'zipinda zapansi zimene amakhalamo, zambiri mwa zipindazo zinali zosavomerezedwa ndi akuluakulu a mzinda. Chaka chotsatira, mu August 2022, mvula yoopsa inagwa ku Seoul, likulu la South Korea, ndipo anthu atatu a banja limodzi, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 13, anamira m'nyumba yawo yolowa theka m'nthaka, zija kumeneko amazitcha banjiha, m'dera la Gwanak, mpaka akuluakulu a mzindawo analengeza kuti ayamba kuthetsa nyumba zoterezi pang'onopang'ono. Imeneyi ndi mizinda yolemera yokhala ndi ngalande zikuluzikulu. Madzi akasefukira amayamba kudzaza malo otsika, amatsika ndi masitepe omwewo amene munthu akufuna kukwera kuti athawe, ndipo akangounjikana kuseri kwa chitseko olo mwamuna wamphamvu sangachikankhe. Nditawerenga nkhani zimenezi ndinatsikira m'chipinda chathu chija usiku, ndinazimitsa getsi nkuima pakati, kudzifunsa kuti khomo ili litatsekeka ndi madzi kapena moto ndingatulukire pati. Panalibe.

Nchifukwa chake kwa ine nkhani yaikulu kuposa zonse ndi khomo lachiwiri. Chipinda chilichonse chogona chikhale ndi zenera loti munthu wamkulu atha kutulukirapo ndipo wozimitsa moto atha kulowerapo atabereka zida zake. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake a zomanga ndipo muyenera kutsatira a kumene nyumba yanu ili, koma kuti mukhale ndi chithunzithunzi, malamulo a International Residential Code amene amagwiritsidwa ntchito m'madera ambiri a ku United States amati mpata wotseguka wa zeneralo usachepere 0.53 sikweya mita, msinkhu wake usachepere masentimita 61, mulifupi usachepere masentimita 51, ndipo m'munsi mwa zeneralo musatalike kupitirira masentimita 112 kuchokera pansi. Muonetsetse apa, mukachulukitsa masentimita 61 ndi 51 mumangopeza 0.31 sikweya mita, simufika pa 0.53 ija, nde zenera longokwana timiyezo tiwiri tating'onoto silinakwanebe, mbali imodzi iyenera kukula. Ndiponso akuyeza mpata umene umatseguka, osati felemu yonse. Zenera likakhala kunsi kwa nthaka amakumba dzenje kunja kwake lotambasuka masentimita 91 kuchokera pakhoma, likazama kupitirira masentimita 112 aja amaikamo makwerero, ndipo dzenjelo likhale ndi potulukira madzi apo ayi mwadzikumbira chitsime pazenera. Za zitsulo zotchingira akuba ndikudziwa kuti palibe amene amafuna kugona zenera lili pululu, koma zitsulo zowotcherera zosatseguka pazenera lothawirapo zimasandutsa chipinda kukhala khola, zilipo zotsegukira mkati popanda kiyi, ikani zimenezo.

Kubowola khoma la maziko kuti zenera likule si ntchito yongotenga hamala ndi chizulo ayi. Khoma limenelo lanyamula nyumba yonse. Chimodzimodzi zipilala zimene zimaima pakati pa chipinda, mmisiri uja ananena kuti chimodzi tichotse kuti pabalaza pakule, injiniya atabwera anandionetsa kuti chipilala chimenecho ndi chimene chagwira mtanda umene pakhala khoma la khitchini yathu ya pamwamba. Anandiyezeranso msinkhu wa chipindacho, malamulo ndatchula aja amafuna mamita 2.13 kuchokera pansi kufika ku siling'i, ndipo muyeze mutachotsera matailosi, siling'i ndi mapaipi amene akudutsa m'mwamba chifukwa zonsezo zimadya malo. Chipinda chikafupika ena amakumba pansi kuti chizame, koma kukumba kupitirira pamene pathera maziko osawalimbitsa kaye chigawo ndi chigawo ndi kumene kumang'ambitsa nyumba mwinanso kuigwetsa kumene. Injiniya amalipiritsa inde koma ine ndalama imeneyo sindikuidandaula olo pang'ono.

Kenako pali mpweya, ndipo apa ndi pamene akulu ananena kuti tsoka silinunkha. Pali mpweya wina wotchedwa radon umene umachokera ku uranium wopezeka mwachilengedwe m'miyala ndi m'dothi, ulibe fungo, ulibe mtundu, umalowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya simenti ndi m'mipata ya mapaipi nde umachuluka kwambiri m'zipinda zokhudzana ndi nthaka. Bungwe la World Health Organization limati radon ndi amene amayambitsa pakati pa 3 ndi 14 peresenti ya khansa ya m'mapapo kutengera dziko, ndipo ukachotsa fodya ndiye gwero lalikulu la khansa imeneyi, kwa wosuta ngozi yake imakula kwambiri. Bungweli mu 2009 linalangiza kuti mulingo wake m'nyumba usapitirire 100 Bq (becquerel, muyezo wa kuchuluka kwa radon) pa kiyubiki mita ya mpweya, ndipo kumene zimenezo sizingatheke usadutse 300. Nyumba ziwiri zoyandikana zitha kusiyana kutalitali nde zoti kwa aneba anayeza kulibe sizikukuthandizani, muyeze kwanu, kabokosi koyezera mumangokaika m'chipindamo kwa miyezi itatu kenako nkukatumiza kokawerenga. Akapezeka wochuluka njira ilipo, kumata ming'alu yonse ndi kuika paipi yochokera kunsi kwa simenti yokhala ndi fani yokoka mpweyawo nkukautaya pamwamba pa denga, ndipo ndi zophweka kuchita matailosi asanayalidwe kusiyana ndi kudzaswa pambuyo.

Mpweya winanso ndi carbon monoxide, wotuluka chinthu chikamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira, kaya makala, kaya gasi, kaya jenereta. Umenewu sudikira zaka ngati radon, umapha usiku umodzi. Umagwira magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo opitirira 200, munthu amayamba mutu, chizungulire, nseru, kufooka, ndipo akakhala ali mtulo sadzukanso. M'chipinda chapansi mmene mazenera ndi ochepa ngoziyi imakula nde pakhitchini pakhale fani yotulutsira mpweya kunja kwenikweni osati m'siling'i, kubafa chimodzimodzi, ndipo alamu ya carbon monoxide ndi alamu ya utsi zikhale pansi ndi pamwamba pomwe, bola zolumikizana kuti ikalira imodzi zonse zilire, chifukwa moto ukayamba pansi amene muli pamwamba ndinu ndi ana anu. Alamu ya utsi imasinthidwa pakatha zaka 10, imakalamba olo ikuoneka yabwino.

Za toileti ndiye zinandidabwitsa. Mmisiri uja analoza pakona ngati toileti ndi mpando woti ungoika pamene wakonda, koma zonyansa zimayenda motsetsereka basi, paipi imafuna kutsika ngati masentimita awiri pa mita iliyonse, nde funso loyamba ndi loti paipi yaikulu ya suweji ikutuluka m'nyumba pa msinkhu wanji. Kwathu ikutuluka pamwamba pa simenti ya chipindacho, kutanthauza kuti pafunika thanki yotsekedwa bwino yokwiriridwa pansi yokhala ndi pampu yokweza zonyansazo kukafika mu paipi ija. Kumene paipi ili pansi mokwanira pamafunikabe valavu yoletsa kubwerera, chifukwa suweji ikatsekeka kapena ikadzaza ndi mvula zonse zimatulukira pa bowo lotsika kwambiri m'nyumba, ndipo bowo limenelo ndi shawa ya wa lendi wanu. Ngati nyumba ili pa sepitiki thanki mufunsenso ngati thankiyo ingakwanitse anthu owonjezera. Magetsi sinditalikitsa, aike ndi munthu wa satifiketi, masoketi akwere m'mwamba pang'ono kuchoka pansi, pakhale buleka yodula magetsi ikangomva kuti akuthawira kwina, ya mamiliampeya 30 (30 mA) imene amaika poteteza anthu, ndipo wa lendi akhale ndi mabuleka ake amene angawafike yekha inu mutachokapo. Mita yakeyake ikatheka imachotsa mikangano yambiri.

Pali anzanga ena amandiuza kuti bwanji ukuvutika ndi mapulani ndi zilolezo, ndi m'nyumba mwako momwe, amene adzaone ndani. Ine ndikukana. Choyamba si malo onse amene amalola kuti nyumba ya banja limodzi ikhale ndi khomo lina la lendi, nde ndi bwino kufunsa ku khonsolo musanawononge ndalama kusiyana ndi kudzauzidwa kuti mugumule. Chachiwiri a inshulansi mukapanda kuwauza kuti pansi pakukhala wa lendi, tsiku la moto atha kukana kulipira. Koma chachikulu kwa ine nchakuti woyendera wa khonsolo ndi maso achiwiri, mwini nyumba amaona lendi, mmisiri amaona kuti amalize msanga alandire zake, pamafunika wina amene ntchito yake ndi kufunsa kuti munthu athawira pati. Tinene zoona, amene amakhala m'zipinda zapansi kawirikawiri ndi amene ndalama zawo ndi zochepa, ophunzira, amene angoyamba kumene ntchito, mabanja achichepere, alendo mu mzinda, anthu oti akaona khoma lanyowa amaopa kudandaula kuti angauzidwe kuti asamuke. Sangabwere ndi tepi kudzayeza zenera. Amakhulupirira kuti mwini nyumba anaganiza kale zonsezo, ndipo chikhulupiriro chimenecho ine chimandilemera.

Pa ndalama ndingonena kuti powerengera musatenge lendi ya miyezi 12 nkuganiza kuti yonse ndi yanu, padzakhala miyezi yopanda munthu, pampu idzafuna kukonza, msonkho ulipo, ndipo nyumba yakale ukangoyamba kuitsegula umapeza zina zimene sunaziyembekezere nde muike padera kangachepe ka zodzidzimutsa. Ngati ndalama yakwana matailosi okha koma siyikukwana ngalande ndi zenera ndiye kuti siyinakwane, dikirani, chipindacho sichithawa. Muganizenso zoti mukhala ndi munthu kunsi kwa mapazi anu, mwana wanu akathamanga iye amva ngati ng'oma, iye akatsegula wailesi inu mumva, nde m'siling'i muikemo zotchinga phokoso ndi bolodi yosagwira moto msanga nthawi imodzi siling'iyo isanatsekedwe. Khomo lake likhale lakelake, masitepe akhale ndi chogwirira ndi getsi komanso kangalande m'munsi mwake, ndipo zonse mwagwirizana, dipoziti, madzi, zinyalala, alendo, tsiku limene mungalowe kudzaona pampu, zilembedwe papepala aliyense asunge lake.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mutumeko atolankhani anu akacheze ndi anthu amene akukhala kale m'zipinda zoterezi, akawafunse za chinyezi ndi za potulukira, akachezenso ndi mainjiniya ndi ozimitsa moto kuti atifotokozere m'chilankhulo chathu chomwechi, chifukwa zambiri zimene ndalemba apazi ndazitolera movutikira uku ndi uku ndipo si aliyense ali ndi achimwene omanga oti amugwire dzanja.

Kwathu pano tafika apa, magatala tasintha, paipi ya pakona ija tsopano ikutaya madzi kutali, ngalande ya kuseri yakumbidwa ndipo tayalamo miyala sabata yathayi. Kabokosi ka radon kali pashelufu mwezi wachiwiri uno. Injiniya akumalizitsa pulani ya zenera kuti tikapereke ku khonsolo, ndipo mvula ikatha ndidzamatanso mapepala a pulasitiki malo anayi omwe aja. Matailosi sindinagule.

Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse.